Nthochi zikamagwa chaka ndi chaka: kuzindikira manematodi amene akudya mizu

Zimayamba pang'onopang'ono. Nthochi zimene zinkabereka mikoko yolemera zimayamba kuchedwa kubereka, mkoko ukatuluka umakhala wa mapava ochepa, masamba amafota masana ngakhale nthaka ili ndi chinyezi, ndipo kukangowomba mphepo yoti kale sinkagwetsa kanthu, nthochi zonyamula mikoko ndizo zimayamba kugona pansi. Mwini munda amathira manyowa, amawonjezera feteleza, amachirikiza ndi mphanda. Chaka chotsatira zomwezo, koma tsopano malo ogwawo akula. Zikafika apa musatayenso nthawi ndi masamba, chifukwa chikasu ndi kufota zimabwera ndi mavuto ambirimbiri. Kumbani pansi. Kawirikawiri mupeza ntchito ya manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, tambiri tosafika ngakhale milimita imodzi kutalika, timene timaboola mizu ndi kuyamwa zam'kati mwake.

Kungonena kuti ndi manematodi sikokwanira. Amene amavutitsa nthochi ali m'magulu angapo, ndipo njira imene imathetsa gulu lina imalephera pa linzake. Khasu, mpeni wakuthwa ndi ndowa ya madzi zikhoza kukufikitsani pa gulu. Dzina lenileni la mtundu limafuna maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuyang'ana, koma iyenso sangachite kanthu ngati mizu imene wapatsidwa inakumbidwa molakwika.

Yagwa bwanji?

Musanagwire khasu, yang'anani nthochi yagwayo. Ngati yazuka yonse, chitsa chili pamtunda ndi timizu takuda tafupitafupi, manematodi ndiwo oyamba kuwaganizira. Nthochi ya mizu yathanzi ikagonja ndi mphepo yamkuntho imazuka ndi dothi lambiri, mizu yake yoyera ndi yaitali ikuonekera. Ngati yathyokera pa chitsa penipeni, mbali ina yatsala m'nthaka, dulani chitsacho. Mukapeza mauna odzaza ndi zinyalala zofiirira, zimenezo ndi mphutsi za nankafumbwe wa nthochi, Cosmopolites sordidus. Awiriwa amakonda kukhalira limodzi m'munda wokalamba, choncho kupeza nankafumbwe sikuchotsa mlandu pa manematodi. Yothyokera pakati pa thunthu nthawi zambiri ndi nkhani ya mphepo, chilala kapena kulemera kwa mkoko.

Kenako dulani thunthu chopingasa. Manematodi sadetsa thunthu, m'kati mumakhala moyera. Mukaona timadontho ndi mizere yofiirira kapena yakuda m'mitsempha, komanso masamba akale atachita chikasu kuyambira m'mphepete n'kuthyokera m'phesi, ganizirani matenda a Panama, amene amayamba ndi Fusarium oxysporum f. sp. cubense. Ngati pakapita mphindi zingapo podulapo patuluka madzi achikasu onanda, ndipo nthochi zikupsa zisanakhwime, ndi matenda ofotetsa a bakiteriya wa Xanthomonas. Chisaka sichibisala: masamba opapatiza, oimirira, othithikana pamwamba. Palinso madzi odikha, amene amaoletsa muzu wonse nthawi imodzi, n'kukhala wofewa, wonunkha, khungu lake likusupuka mukaufinya. Zonsezi mukazichotsa, tsopano kumbani.

Kukumba mizu yoti ikuuzeni zoona

Sankhani nthochi zimene zangotulutsa kumene duwa. Pali chifukwa chake: nthochi ikafika pobereka imaleka kutulutsa mizu yatsopano, ndiye mizu ya nthochi zonse za msinkhu umenewu imayerekezeka bwino, munda ndi munda, chaka ndi chaka. Pafupi penipeni ndi chitsa kumbani dzenje la masentimita 20 mulitali, 20 mulifupi ndi 20 kuya, ndipo mutole muzu uliwonse umene uli m'dzenjemo, waukulu ndi waung'ono womwe. Chitani zimenezi pa nthochi zosachepera 10. Musakumbe pa zimene zagwa kale, kapena pakati penipeni pa malo amene zonse zafooka. Pitani m'mphepete mwa malowo, pamene nthochi zangoyamba kudwala, ndipo mukumbenso kwina kumene zikuoneka zathanzi. Mizu ya malo awiriwa isasakanikirane.

Tsukani mizuyo mofatsa m'ndowa, mupatule yamoyo ndi yakufa, muwerenge mulu uliwonse. Kuchuluka kwa mizu yakufa poyerekeza ndi yamoyo ndi umboni kale. Pa mulu wa yamoyo tengani isanu osasankha yokongola, mudule uliwonse masentimita 10, kenako muung'ambe pakati chautali. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa amangoyang'ana kunja kwa muzu, kapena amaudula chopingasa. Ukang'ambidwa chautali muzu umaonetsa zigawo zitatu: khungu, mnofu wofewa woyera, ndi mtima, kachingwe kolimba kapakati kamene kamanyamula madzi.

Njira yoyezera imene akatswiri Paul Speijer ndi Dirk De Waele anailongosola mu 1997 ndi yosavuta moti simufunika chipangizo chilichonse. Muzu uliwonse mwa isanuyo uli ndi mamalikisi 20. Ngati mnofu wonse wada, lembani 20. Ngati wada theka, lembani 10. Kuphatikiza isanuyo mumapeza gawo la mnofu wowonongeka pa 100. Sungani nambala imeneyi ndi tsiku lake, chifukwa ndiyo idzakuuzeni chaka chamawa ngati zimene mwachita zathandiza.

Mabala akuda ozama, koma mtima uli woyera

Ichi ndiye chizindikiro choopsa koposa zonse. Kunja kwa muzu kumaoneka mizere yakuda yaitali, nthawi zina yong'aluka. M'kati, balalo limalowa mnofu wonse mpaka kukagunda mtima, pakati pake pali pakuda, m'mphepete mwake muli mofiirira ngati njerwa yowotcha. Mtima wokhawo umatsala woyera, chifukwa manematodi amenewa salowamo. Mphepete yofiirayo ndi pamene iwo ali tsopano, akudya ndi kusunthira kutsogolo. Pakudapo anachokapo kale, patsala nkhungu monga Cylindrocladium ndi Fusarium zimene zimalowera pabalapo. Nkhunguzo zikafika pamtima muzu umaduka, ndipo mbali yonse ya kutsogolo kwake imafa. Ndi chifukwa chake nthochi yozuka imakhala ndi timizu tafupitafupi. Sendaninso chitsa pang'ono: mupeza mawanga akuda ozungulira pamene mizu imatulukira.

Amene amachita zimenezi ndi gulu loyendayenda m'kati mwa muzu, ndipo mwa iwo wotchuka ndi Radopholus similis. Katswiri Nathan Cobb anamupeza m'mizu ya nthochi za ku Fiji n'kumulongosola mu 1893, ndipo anafalikira m'maiko otentha atabisala m'zitsa za ana a nthochi amene anthu ankatenga kukabzala kwina. Kukamatentha madigiri 24 mpaka 32, kuchokera pa dzira kufika poikira mazira ake kumangotenga masiku 20 mpaka 25. Wamkazi amaikira mazira anayi kapena asanu patsiku kwa milungu iwiri, onsewo m'kati mwa mnofu. Mukawerengera mibadwo imene ingadutse m'chaka chimodzi pa mbewu yosazulidwa ngati nthochi, mumvetsa chifukwa chake munda umene unayamba bwino umagonja pa kukolola kwachitatu kapena kwachinayi.

Vuto ndi loti mitundu iwiri ya Pratylenchus imasiya mabala ofanana ndendende ndi amenewa. Aliyense wokuuzani kuti wasiyanitsa Radopholus ndi Pratylenchus ndi maso okha akungoganizira. Chimene chingakulozereni njira ndi nyengo ya malowo. Pratylenchus goodeyi amakonda kozizira, ndipo ndiye wochuluka m'minda ya kumapiri a kum'mawa kwa Africa, kumapiri a ku Cameroon ndi pa zilumba za Canary. M'madera a mapiri a kum'mawa kwa Africa, Radopholus similis amayamba kusowa mukakwera kupitirira mamita pafupifupi 1,400, n'kusiyira malo mnzakeyu. Pratylenchus coffeae, amene anayamba kupezeka pa khofi ku Java mu 1898, amakonda kotentha ngati Radopholus, ndipo amadya mbewu zamitundumitundu. Kusiyana kumeneku kudzakhala ndi ntchito tikafika pa kugoneka munda.

Timizere tofiira tosalowa kwambiri

Mukang'amba muzu n'kupeza kuti mabala ali pakhungu ndi pamnofu wakunja kokha, timizere ting'onoting'ono tofiirira tomwazikana, mnofu wam'kati uli woyera, ameneyo nthawi zambiri ndi Helicotylenchus multicinctus. Amapezeka pafupifupi kulikonse kumene kuli nthochi, ndipo chifukwa mabala ake saopsa, anthu amamuderera. Pang'ono akulondola: sagwetsa nthochi msanga ngati Radopholus. Koma akachuluka timizereto timalumikizana, timizu ting'onoting'ono toyamwa madzi timatha, ndipo munda umangofooka chaka ndi chaka popanda tsoka looneka. M'madera ozizirako kapena ouma kumene Radopholus sachita bwino, monga m'minda ya nthochi ya ku Israel, iyeyu ndiye wakhala wovutitsa wamkulu. Dziwaninso kuti bala la Radopholus longoyamba kumene limaoneka losaya chimodzimodzi, ndiye musagamule ndi muzu umodzi.

Zotupa, nsonga zonenepa ndi mizu yamphanda

Amene anazulapo tomato kapena fodya wodwala amadziwa timfundo ta Meloidogyne. Pa nthochi sizionekera bwino chotero, chifukwa mizu ikuluikulu ndi yonenepa kale. Yang'anani nsonga zotupa, mizu yopindika, ming'alu, ndi malo amene muzu unaleka kukula n'kuphukira timizu tambiri pamodzi. Pa timizu tating'ono timfundo timaoneka bwino. Ng'ambani potupapo: mupeza timadontho toyera ngati mitu ya mapini, nthawi zina tozunguliridwa ndi kamzere kakuda. Amenewo ndi aakazi, onenepa ndi osayenda. Gulu ili silikumba njira m'muzu. Kamwana kamalowa kunsonga, kamakhazikika pafupi ndi mtima, kamasandutsa maselo angapo kukhala aakulu oti azikadyetsa, ndipo sikasunthanso mpaka kufa. Pa nthochi mitundu yopezeka kwambiri ndi Meloidogyne incognita, Meloidogyne javanica ndi Meloidogyne arenaria.

Pali chinthu chimene chimadabwitsa alimi: m'munda wodzaza ndi Radopholus, Meloidogyne amakhala wochepa, popeza woyambayo amawononga muzu umene winayo amafuna kukhazikikamo. Mukachotsa Radopholus n'kubzala mbande zoyera za mu labotale, mwina mudzaona timfundo tikuchuluka pa mizu yantheteyo. Si mbande zabwera ndi matenda. Meloidogyne anali m'nthakamo kale, wangopeza danga.

Palinso Rotylenchulus reniformis, amene wamkazi wake amalowetsa mutu wokha m'kamuzu, thupi lopindika ngati impso lili kunja, lokutidwa ndi mazira amene dothi limamatirirapo. Mizu ikuluikulu imaoneka yabwinobwino, timizu tating'ono ndi timene timavutika, ndipo munda umene kale munali nanazi kapena thonje ndi woyenera kuukayikira. Hoplolaimus pararobustus, wopezeka m'maiko ambiri a mu Africa, amatuluka kawirikawiri m'masampulo, koma sakhala woyamba pa mlandu.

Zotsatira zati mulibe manematodi, chonsecho mizu ndi yakuda

Izi zimachitika kwambiri, ndipo nthawi zambiri cholakwika chimakhala sampulo, osati woyeza. Choyamba ndi kutumiza mizu yowoleratu poganiza kuti yoipitsitsa ndiyo ionetse bwino matenda. Manematodi amenewa amadya maselo amoyo okha. Muzu ukafa amatulukamo, mumadzaza ena osavulaza mbewu amene amadya mabakiteriya. Tumizani mizu yamoyo yokhala ndi mabala a mphepete yofiira. Chachiwiri ndi kutumiza dothi lokha. Radopholus ndi Pratylenchus amakhala moyo wawo wonse m'muzu, m'dothi mumapezeka ochepa chabe. Koma dothi lisasowenso, chifukwa ana a Meloidogyne ndi a Rotylenchulus amapezeka mmenemo. Ikani mizu ndi dothi lake pang'ono m'jumbo yapulasitiki, mumange, mulembe malo, mtundu wa nthochi ndi tsiku. Chachitatu ndi kutentha. Jumbo yosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka imapha zonse pa maola ochepa, ndipo mufiriji yoziziritsa kwambiri amafanso. Malo a mthunzi ozizirira, madigiri 10 mpaka 15, ndi abwino, ndipo sampulo ifike kwa woyeza pasanathe masiku ochepa.

Chifukwa chake kufa kwawo kuli nkhani yaikulu ndi choti njira yofala yowatulutsira imadalira kuti ayende okha. Inachokera pa fanulo ya Baermann ya mu 1917, ndipo Whitehead ndi Hemming anaisintha mu 1965 kukhala ya thireyi. Mumaika sefa yapulasitiki m'mbale, mumayala tishu musefamo, mumamwazapo mizu yoyezedwa kulemera kwake, yoduladula kapena yopera masekondi ochepa m'bulenda, kenako mumathira madzi m'mbalemo mpaka angokhudza mizuyo. Isamire, chifukwa akasowa mpweya amaleka kuyenda. Pakatha maola 48 amakhala atadutsa tishu n'kukhala pansi pa mbale. Mizu ya nthochi imadetsa madzi msanga, choncho ndi bwino kukhuthula madziwo pakatha maola 24, kuwasunga, n'kuthira ena. Pokhuthula gwiritsani sefa ya timabowo ta maikulomita 25 kapena kucheperapo, pokumbukira kuti maikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi. Sefa ya timabowo tokulirapo imataya ana ambiri.

Njirayi sigwira wamkazi wonenepa wa Meloidogyne kapena wa Rotylenchulus, popeza sayenda. Ngati mukuwakayikira, nenani potumiza sampulo, kuti woyeza anyike mizu mu utoto wa acid fuchsin, umene umawafiiritsa ali m'malo mwawo, kapena agwiritse njira yowayandamitsa m'madzi a shuga.

Pa maikulosikopu: funso limodzi panthawi

Woyamba kumene ntchitoyi amasokonezeka, chifukwa m'kadontho kamodzi mumakhala tinyongolotsi tambirimbiri tofanana. Musayambe ndi kufunafuna dzina. Yambani ndi kukamwa. Wodya mbewu ali ndi kasingano kobowoka kumutu, ndipo m'magulu onse atchulidwa pano kasinganoko kali ndi timibulu titatu kutsinde kwake. Opanda kasingano, amene nthawi zambiri amathamangathamanga, ndi odya mabakiteriya. Asiyeni, musawawerenge. Aphelenchus, wodya nkhungu, ali ndi kasingano kowonda kopanda timibulu, ndipo ndiye amapusitsa ambiri.

Kenako apheni ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 60 kwa kanthawi kochepa, muone mmene thupi lagonera. Radopholus ndi Pratylenchus amakhala owongoka kapena opindika pang'ono chabe. Helicotylenchus multicinctus amapindika ngati chilembo cha C, pamene mbale wake Helicotylenchus dihystera amadzikulunga mozungulira. Hoplolaimus ndi wamkulu, wopitirira milimita, ndipo kasingano kake ndi kotalika kuposa kawiri ka Radopholus, kamene kamakhala maikulomita pafupifupi 18. Kamwana ka Meloidogyne ndi kowonda, kosafika theka la milimita, ka singano yofooka ndi mchira wosongoka woyera kunsonga.

Funso lolekanitsa awiri aja amene mpeni unalephera ndi ili: kabowo koikira mazira ka wamkazi kali pati? Akatswiri amayeza mtunda wochokera kumutu kufika pa kabowoko, n'kuuwerengera pa 100 ya utali wa thupi lonse, ndipo nambalayo amaitcha V. Mwa Radopholus similis V imakhala cha m'ma 55 mpaka 60, pafupi ndi pakati, ndipo ali ndi machubu awiri a mazira, lina loloza kumutu, lina kumchira. Mwa Pratylenchus kabowoko kali kumbuyo kwambiri, V kuyambira cha m'ma 70 mpaka kupitirira 80, ndipo chubu chogwira ntchito ndi chimodzi. Umboni wachiwiri ndi ziwalo za kummero zotulutsa timadzi, zimene zimaphimba poyambira matumbo: mwa Radopholus zimadzera chakumsana, mwa Pratylenchus chakumimba. Wachitatu ndi wamwamuna. Wa Radopholus similis ndi wosiyana kwambiri ndi mkazi wake, mutu wake ndi kachibulu kotukuka, kasingano kake ndi kofota, ndipo sadya. Mukamuona mmodzi, mwadziwa. Mchira wa wamkazi wa Radopholus ndi wautali wosongoka pang'onopang'ono, wa Pratylenchus ndi waufupi.

Kulekanitsa Pratylenchus coffeae ndi Pratylenchus goodeyi ndi ntchito ya lenzi yamphamvu kwambiri yothira mafuta. Woyambayo ali ndi mphete ziwiri pamlomo, V ya kumbuyo kwambiri ndi mchira wobuntha. Winayo ali ndi mphete zinayi, V yocheperako ndi mchira wowonda kunsonga. Yezani aakazi akuluakulu 10 kapena kuposa, osati mmodzi, chifukwa ngakhale a mtundu umodzi amasiyana. Mitundu ya Meloidogyne kale ankaisiyanitsa ndi timizere ta kumbuyo kwa wamkazi, pomwe Meloidogyne javanica amadziwika ndi mizere iwiri yoonekera bwino m'mbali, koma timizereti timanamiza, ndipo masiku ano amatsimikiza ndi enzaimu ya esterase kapena DNA. Ngakhale pa Pratylenchus DNA yavumbula zimene maso ankaphonya: mu 2012 manematodi a m'mizu ya nthochi ku Ghana, ofanana kwambiri ndi Pratylenchus coffeae, anapezeka kuti ndi mtundu wina, n'kutchedwa Pratylenchus speijeri. Kwa mlimi kusiyana kotere sikusintha zambiri. Kwa wobereketsa mitundu yatsopano ya nthochi kapena woyang'anira mbewu zodutsa m'malire, n'kofunika kwambiri.

M'mabuku a sayansi Radopholus ndi Pratylenchus ali m'banja limodzi la Pratylenchidae, Helicotylenchus ndi Hoplolaimus ali mu Hoplolaimidae, Meloidogyne ali mu Meloidogynidae. Ndikuona kuti kumunda kuwagawa potengera kadyedwe kawo ndiko kumathandiza: okumba njira m'muzu, okhazikika m'muzu, olowetsa mutu wokha, ndi odya chakunja.

Ndi angati amene ali ochuluka?

Zotsatira zimalembedwa ngati chiwerengero pa magalamu 100 a mizu yaiwisi, mtundu uliwonse paokha, ndipo n'zachilendo kupeza mtundu umodzi wokha. M'minda ikuluikulu ya ku Central America akhala akugwiritsa ntchito Radopholus similis 10,000 pa magalamu 100 ngati malire oyambira kuthira mankhwala, pamene kwina 2,000 okha amaonedwa kuti akhoza kuchepetsa zokolola. Musadabwe ndi kusiyana kumeneku. Nthochi za pa nthaka yakuya yachonde zimaphukira mizu yambiri moti zimapirira chiwerengero chimene chingagwetse za pa mchenga. Njira yotulutsira nayo imasintha nambala, nyengo imasintha nambala, ndiponso Radopholus wa dera lina ndi waukali kuposa wa dera lina. Choipa kwambiri, munda wotheratu umatha kuonetsa nambala yaing'ono chifukwa mulibenso mizu yoti adye. Choncho chiwerengero chiwerengedwe pamodzi ndi mamalikisi a mnofu aja ndi kuchuluka kwa mizu yakufa.

Mwachiza koma abweranso

Akabweranso, yambani kufufuza pa mbewu imene munabzala. Mwana wa nthochi wochokera m'munda wodwala amanyamula manematodi m'chitsa ngakhale akuoneka wathanzi. Dulani mizu yonse, sendani chitsa ndi mpeni mpaka patsale poyera popanda banga lililonse, ndipo chokhala ndi mabala ozama kwambiri chitayeni. Kusendaku kuchitikire kumunda wakale, makoko asafike kumunda watsopano. Kenako nyikani zitsazo m'madzi a madigiri 55 kwa mphindi 20. Pamafunika choyezera kutentha, chifukwa mukatsika kwambiri manematodi sapsa, mukakwera kwambiri mbewu imafa. Kumene kulibe choyezera, bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA linalimbikitsa kunyika chitsa chosenda m'madzi owira kwa masekondi 30 okha. Mbande za mu labotale zimabwera zopanda manematodi, koma kuzibzala m'nthaka yodwala n'kungotaya ndalama.

Apa ndi pamene dzina limagwira ntchito. Radopholus similis sakhala nthawi yaitali popanda muzu wodya: pakatha miyezi pafupifupi 6 ambiri amakhala atafa, ndipo kugoneka munda miyezi 12 kumamuchepetsa kwambiri. Alimi a ku zilumba za Martinique ndi Guadeloupe achepetsa mankhwala ndi njira imeneyi, kugoneka munda kenako kubzala mbande za mu labotale. Ikalephera, kawirikawiri ndi chifukwa cha zidutswa za zitsa zimene zinatsala m'nthaka n'kuphukanso, kapena udzu monga khovani umene umamusunga. Chitsa chimodzi chophuka chimadyetsa mbadwo wonse mpaka nthochi zatsopano zifike. Koma ngati mdani wanu ndi Meloidogyne kapena Pratylenchus coffeae, kungosiya munda ku tchire sikuthandiza kwenikweni, chifukwa amadya mbewu ndi maudzu ambirimbiri. Kubzala masamba, tomato kapena fodya m'munda wa Meloidogyne ngati kasinthasintha ndiko kumunenepetsa.

Mitundu ya nthochi yopirira nayo imasankha. Pisang Jari Buaya imakana Radopholus similis koma Pratylenchus coffeae amaidya ndithu. Yangambi Km5 imapirira Radopholus ndipo yaonetsanso kulimba pa Pratylenchus. Nthochi za gulu la Cavendish, zimene zimagulitsidwa m'misika ya maiko ambiri, zimagwidwa mosavuta. Ndiye kusintha mtundu musanadziwe amene ali m'nthaka ndi kuchita mwamwayi.

Yang'ananinso madzi. Manematodi paokha amayenda pang'ono kwambiri m'nthaka, koma madzi othamanga kuchokera kumunda wodwala wa kumtunda amawatsitsira m'munda wanu pa mvula imodzi, ndipo ngalande yopatutsa madziwo imathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Dothi lomatirira ku makasu ndi ku matayala limachitanso zomwezo.

Mankhwala ophera manematodi amangowachepetsa, sawamaliza, ndipo pakapita miyezi ingapo chiwerengero chimakweranso. Mankhwala amodzimodzi akathiridwa mobwerezabwereza, tizilombo ta m'nthaka timazolowera kuwaphwanya msanga, mphamvu yake n'kuchepa. Ambiri ndi poizoni woopsa kwa anthu. DBCP, amene ankathiridwa kwambiri m'minda ya nthochi, anapezeka mu 1977 kuti amachititsa amuna kusabereka, ndipo ogwira ntchito ambiri a ku Central America anavulala nawo. Musathire kanthu musanafunse alangizi ngati mankhwalawo ndi ololedwa pa nthochi kwanuko.

M'munda umene simungathe kuuzula, kuphimbira nthaka mochindikala ndi kuthira manyowa sikuchotsa manematodi, koma kumachititsa nthochi kutulutsa mizu yambiri kuposa imene akudya, ndipo mphanda imasunga mkoko mpaka ukhwime. Musatengemo ana okabzala kwina osawasenda ndi kuwanyika. Nthochi zina zikadzatulutsa duwa, kumbaninso mayenje a masentimita 20 aja m'malo omwewo ndi nyengo yomweyo, mutumize kwa woyeza yemweyo kuti njira isasinthe. Mamalikisi a mnofu akatsika koma nthochi zikugwabe, bwererani ku chitsa mukafufuze mauna a nankafumbwe, muonenso ngati nthochizo sizinakwere pamwamba pa nthaka, chifukwa phando lokalamba limatukula zitsa zake ndipo mizu yatsopano imasowa dothi logwira.